Ndamata Pansi pa Chitsime Chanu

Amayi, kodi kumene muliko muli bwanji?

Ndine Dailesi, mzime wanu. Ndikulemba nditakhala pakhonde la nyumba yanu, mbali ija munkakonda kukhala posenda mtedza. Dzuwa la Okutobala lafika pamutu, nkhuku zabisala pansi pa nkhokwe kukamwa kuli yasa. Ndikulemba ndi pensulo kuti ndikalakwitsa ndifufute. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera giredi seveni, ndiye mukapeza mawu opotoka musandiseke. Ngakhale muli moyo, zambiri ndinkalephera kukuuzani pakamwa. Munkauza anzanu kuti, "Uyu mawu ake amawasunga patsindwi ngati chimanga cha mbewu." Lero ndati nditsitseko pang'ono.

Ndiyambe ndi zabwino. Akulu anga a Falesi achira bwinobwino ku Sinda. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu, Esitere. Mphumi ndi yanu, zala nazonso n'zanu, zazitali ngati za munthu woumba mbiya. Nditamunyamula ndinachita manyazi kumuitana dzina, chifukwa zinali ngati ndikukutchulani inu popanda ulemu. Ndimangomuti "amayi aang'ono", ndipo a Falesi amaseka mpaka kugwira pamimba.

Alongo anga a Yelemiya akadali ku Katete, pachigayo paja. Anenepa, ndipo kayankhulidwe kawo kasintha, mawu aliwonse amayamba ndi "manje". Alamu anga ali ndi pakati pena, pomwe woyamba uja sanayambe n'kuyenda komwe. Kuno kumudzi akazi a Tembo anakutsatirani nthawi yozizira, mwina mwaonana kale. Kutchalitchi amayi akuimbabe nyimbo zanu zija, koma palibe amene amafika pamwamba pomwe munkafika inu. Akafika pamenepo amangotsitsa mawu n'kudutsa.

Chaka chimene munatisiya mvula inadula chimanga chitangomasula, ndipo chinapsa chili chiimire. Tinadya gaga ndi mango owiritsa. Chaka chathachi zinakhalako bwino. Nkhokwe sinadzaze, koma ndikasuzumira sindiona pansi pake. Mtedza unachita bwino kumunda wa kumchenga. Thonje ndinasiya, chifukwa kupopera ndi kutola pandekha sindingathe. Mbuzi yanu yamawanga yabereka ana awiri. Chitopa chinadutsa n'kusesa nkhuku, koma thadzi lakuda lija munkati ndi lamwano linapulumuka. Denga limadontha pakona ya kumitu, ndiye ndinasuntha mphasa. M'nyumba muno ndimakhala ndekha. Nthawi zina ndimapezeka ndatsuka mbale ziwiri, chonsecho ndadyera imodzi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandigwiritsa pensuloyi. Ndi ya chitsime chanu cha kudimba. Ndikudziwa kuti mukuchidziwa kuposa ine, koma ndiloleni ndichinene monga ndikuchikumbukira, chifukwa kuno ndilibe wochinena naye.

Pamaliro anu mlaliki anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Anthu anavomera, ena analira. Ine ndinangoganiza kuti chitsime chanu si chakuya ayi. Munthu wamtali akaimamo, chipewa chimaonekera kunja. Koma zitsime zakuya za m'mudzi muno zinkaphwa mwezi ngati uno, chanu chikupatsabe anthu madzi.

Mukukumbuka mmene tinkachisesera chilimwe chikayamba? Inu munkatsikiramo opanda nsapato, chitenje mutakwinyira m'chiuno, n'kumakokolola matope ndi manja ndi chikho. Ine ndinkakhala pamwamba kulandira ndowa. Tsiku lina ndinaona kuti mukuchedwa, ndiye ndinakutsitsirani khasu. Munakuwa ngati ndakuponyerani njoka. "Bweza chimenecho! Muno simulowa chitsulo." Kenako munanditsitsa, n'kugwira dzanja langa n'kuliika pansi penipeni. Panali dongo lotuwa, loterera, lozizira ngati m'kati mwa mtsuko. Munati, "Wamva? Ichi si chitsime ngati zinazi. Uwu ndi mtsuko umene Mulungu anaumba yekha, ine ndinangotsegula pakamwa pake. Madzi ake sachokera pansi. Amatsika kuphiri pang'onopang'ono, kuyenda mumchenga, n'kudzagona padongoli. Kunsi kwa dongoli kuli miyala yofumbutuka, yaludzu. Ukaboola apa, wamwetsa iyo."

Amene anamva mawu amenewo ndine ndekha, Amayi. A Falesi anali atapita kale kubanja, ndipo amuna kuchitsime sankapitako.

Ndisaname, chitsimecho chinayamba kudwala kale, zimene nditi ndikuuzenizi zisanachitike. Phiri la kumtunda kwa dambo simungalizindikire. Chaka cha njala chija aliyense anathamangira kumeneko ndi nkhwangwa. Utsi wa makala unkafuka mbali zonse, njinga zikutsika ndi matumba kupita kumsewu wa ku Katete. Sindikuloza munthu chala, chifukwa ufa umene amalume ankandigawira unachokera m'makala omwewo. Koma misuku ndi miombo yatha, kwatsala zitsa zokhazokha. Munkati, "Mvula ndi mlendo. Ukapanda kumuyalira mphasa, sagona." Mphasa yake inali masamba ndi udzu wa m'phiri muja. Tsopano ikagwa imangothamanga, yofiira ngati thobwa la mawere, tsiku lomwelo yadutsa dambo lonse yapita kumtsinje. Yang'amba chigwembe pakati pa munda wa a Tembo moti ng'ombe ikhoza kubisalamo. Nthaka sikumwa kanthu.

Kumutu kwa dambo, kumene kunali tsekera ndi bango, anthu anatentha n'kulima ndi ng'ombe. Malo aja munkatiletsa kuponda kuti tingatitimire, lero pamadutsa ngolo. Ndiye kwabweranso a Mbewe, aja anali ku Lusaka. Anaitanitsa galimoto yoboola pansi, n'kuika pampu yoyendera dzuwa. Dimba lawo ndi lobiriwira ngati mu Januwale, tomato ndi kabichi amatumiza ku Katete. Ndi munthu wabwino, akandiona amandipatsa tomato wosweka kuti ndikaphike. Koma pampu yawo imamwa kuyambira dzuwa likatuluka mpaka likalowa, ndipo m'malire mwawo abzala bulugamu, mtengo uja munkati umamwa ngati mkamwini waulesi. Sindikudziwa ngati madzi awo ndi athu amayenda njira imodzi pansipo. Sindinaphunzire. Ndikungoona kuti otapa achuluka, wobwezera palibe, ndipo mvula nayo ikubwera mochedwa n'kulawira msanga.

Chitsime cha anzanu a Nazimbiri chinaphwa, cha kutchalitchi chinaphwanso. Azimayi onse anasamukira kumjigo wa kusukulu, kumene ndowa zimakhala pamzere kuyambira m'mamawa, ndipo masana mjigowo umangotsokomola mpweya. Chanu chokha chinkayesetsa. Kukamacha chinkakhala chitasonkhanitsa madzi okwana kumwa, kuphikira ndi kuthirira timabedi tanga ta mpiru. Koma a anthu ambiri sankakwana, ndiye anthu analeka kubwera. Njira ija inali yotakata ngati msewu, lero pamaoneka mapazi anga ndi a mbuzi. Ndimakumbuka phokoso la kale, a Nazimbiri akundinena, "Iwe Dailesi, mwamuna adzakufunsira bwanji wosayankhawe? Kapena adzafunsire mtsukowo?" Ine ndinkabisa nkhope, inu n'kuwayankha, "Musiyeni, mtsuko wodzaza suchita phokoso panjira." Ndinkadana nako kunenedwa kumeneko. Lero ndimakusowa.

Anthu atabwerako kumwambo wa Kulamba, alongo anu, amalume a Gilishoni, anatiitana tonse pansi pa mango. Anati nthawi yakwana yokumangirani chiliza mvula isanagwe. Anati, "Mlongo wanga sangagone pansi pa mulu wa dothi ngati munthu wopanda abale." Amakukondani, Amayi, musakayike, ngakhale mumve zotsatirazi.

Vuto linali madzi. Kuumba njerwa kumafuna madzi, simenti imafuna madzi, thobwa la alendo nalonso. Amalume anati, "Kachitsime ka kudimba kaja n'kosaya, anakumba azimayi ndi manja. Tikakalowetsa pansi madzi abwera ochuluka, mudzi wonse upuma." A Yelemiya anavomera msanga. "Ee amalume, manje iyo ni nchito ing'ono chabe. Nizabwera na piki na mgwala, tsiku limodzi tasiliza."

Ndinagwada. Ndinati, "Amalume, amayi ankati muja simulowa chitsulo."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu mwanawe, sukuulula machimo pano."

Ndinabwereza. A Yelemiya anaseka. "Iwe Dailesi, za mizimu izo? Amayi anali munthu wa mpingo. Chitsime chiziopa khasu monga ni mfiti?" Onse anaseka nawo. Iwo anamva ngati ndikunena zoletsa za makolo, zija amati ukachita chakuti udwala. Ndinafuna kufotokoza za dongo ndi za miyala yaludzu ija, koma maso onse anali pa ine, ndipo ndinangoweramitsa mutu. Ndinaganiza kuti ndibwino ndidzawatenge amalume pawokha, ndikawagwiritse dongolo ndi dzanja monga munachitira ine. Nthawi inalipo, chifukwa anapangana kukumba kumapeto kwa mwezi.

Koma mlungu womwewo kunabwera uthenga kuti a Falesi achira, ndipo ndinapita ku Sinda kukawaphikira ndi kuwachapira. Ndili komweko, a Yelemiya anapeza galimoto yowanyamulira simenti, n'kubwera msanga.

Tsiku limene ndinabwerako ndinadzera njira ya kudimba kuti ndione mpiru wanga. Ndili patali ndinaona mulu wotuwa pambali pa chitsime. Ndinaponya kathumba kanga n'kuthamanga. A Yelemiya anali pamwamba akukoka ndowa, amalume ali m'kati, malaya atavula, matope mpaka m'ndevu. Atandiona anasangalala ngati mwana. "Dailesi, bwera udzaone! Polimba paja tadutsa. Pansi apa n'pofewa, madzi ali pafupi!" Anakweza mgwala n'kuumenya pansi, ndipo unalowa mpaka theka osavuta. Atauzula, timadzi timene tinali m'akakolo mwawo tinayamba kuzungulira. Timadzito tinkatsika tikulira ngati mwana akamayamwa. Tonse atatu tinangoyang'ana. Amalume anaponda pabowopo ndi phazi, ngati angatigwire. "Abwerera awa," anatero. "Akungotsegula njira. Abwerera."

Anakumbabe mpaka dzuwa kupendeka. Ndowa iliyonse inkatuluka ndi miyala yofumbutuka, youma, ija munandiuza. M'mawa mwake ndinapeza achule awiri atakhala pansi pouma, akundiyang'ana. Mpiru wanga sunachedwe kufota. Ndinasankha kabedi kamodzi koti ndizikathirira madzi otsukira mbale, ena onse ndinawasiya.

Sindinalire pamaso pawo. A Yelemiya asanabwerere kutauni anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe ayi, anayankhula mwachifundo. "Mlongo wanga, manje chitsime chafa, ukhalira chani kuno weka? Tiye ku Katete. Mlamu wako afuna womuthandiza, madzi ni pa pompi, malaiti aliko. Dimba tizabwereka a Mbewe, aikemo mapaipi awo." Anandisiyira thumba lalikulu lamizeremizere kuti ndilongedzemo zovala.

Amayi, ine ku Katete ndikakhala ndani? Kumeneko anthu amayankhula mothamanga, pomwe ndikukonza yankho iwo apita kale. Koma si zokhazo. Dimba limenelo munalandira kwa amayi anu, iwonso kwa amayi awo. A Falesi anatengedwa kupita kwa amuna awo. Mwana wamkazi amene watsala padothi lanu ndine. Mapaipi akangolowa m'menemo sadzatulukamonso, ndipo Esitere wamng'onoyu akadzakula adzapeza dimba la agogo ake likutchulidwa dzina la eni ena. Ndiye ndinakweza mawu, mwina koyamba chibadwire. Ndinati, "Mundidikire mpaka mvula." A Yelemiya anadabwa mpaka kucheuka ngati wayankhula ndi wina. Tinagwirizana kuti mvula ikagwa, chitsime n'kulephera kusunga madzi, ndidzanyamula thumba lija osatsutsa.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuchita zimene munkachita mtsuko ukabooka usanaotchedwe. Ndinabwezera miyala ija m'dzenje limene anakumba, n'kumasinja ndi munsi wanu mpaka palimbe. Dongo limene anafukula linali litasakanikirana ndi miyala, ndiye ndinaliviika n'kumatola timiyalato kamodzikamodzi ndi zala. Silinakwane. Ndinapita kutsidya kwa dambo, ku mtapo kumene munkakumba dongo la mbiya zanu. Dzenje lanu likadalipo, lamera udzu m'mbali. Thumba lamizeremizere lija ndi limene ndikunyamulira dongolo. A Yelemiya asamve.

Ulendo woyamba ndinafulumira. Ndinamata lochindikala tsiku limodzi, dzuwa n'kuliwomba, ndipo m'mawa ndinapeza lang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe. Ndinakhala pansi m'chitsimemo n'kulira, poti munalibe wondiona. Kenako ndinakumbukira mawu anu aja, "Dongo silidziwa kuti uli ndi changu." Ndinachotsa lonse n'kuyambanso. Tsopano ndimaliponda ndi mapazi mpaka lifewe, kumata pang'ono, kusalaza ndi kunsi kwa chikho, n'kuphimba ndi masamba a nthochi kuti liume mumthunzi. Likagwira, ndimawonjezera lina pamwamba pake. M'menemo mumakhala bata. Ndikakweza maso ndimangoona thambo lozungulira ngati lichero, nthawi zina mbuzi yanu ikusuzumira.

Madzi opondera dongolo ndimakatunga kumjigo, ndipo a njerwa zanu tinatunganso komweko. Pamzere ndimakhala womaliza, chifukwa wina akaika ndowa patsogolo pa yanga sinditha kukangana naye. Tsiku lina a Nazimbiri anandiona nditasenza chigubu ndikulowera njira ya kudimba. Anaika manja m'chiuno. "Mayo ine! Anthu amatunga kuchitsime kupita kunyumba, iwe ukutunga kupita kuchitsime? Mwana wa Esitere wazungulira mutu, bwerani mudzaone!" Azimayi pamzere anaseka, ine ndinangoyenda. Koma m'mawa mwake ndinapeza chigubu chodzaza pamlomo pa chitsime, chachikasu, chomangidwa nsanza pachivundikiro. Chigubu chimenecho mudzi wonse ukumudziwa mwini wake. Nditapita kukabweza anati, "Chigubu chanji? Ine sinditungira madzi anthu amisala." Mpaka lero chimabwerabe.

Amalume anakhala nthawi akundizemba. Akandiona panjira ankakhotera kukhola ngati aiwala kanthu. Tsiku lina ndinapeza mulu wa dongo la ku mtapo pafupi ndi chitsime, pansi pali mapazi a ng'ombe ndi mizere ya ngolo. Dzuwa litakwera anabwera okha, n'kunjuta pamlomo pa chitsime, ine ndili m'kati. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Zonsezi anakuuza amayi ako?"

"Ee, amalume." Ndipo poti anali okha, ine ndili pansi pomwe nkhope yanga sinkaoneka bwino, mawu anatuluka. Ndinawauza za mtsuko, za madzi otsika kuphiri, za miyala yaludzu.

"Ine sanandiuzepo," anatero.

"Simunkapita nawo kuchitsime."

Anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. Kenako anati, "Ndimati ndimumangire nyumba mlongo wanga, ndamugumulira ina." Ndinangowapatsira ndowa, iwo n'kuilandira, ndipo tsiku limenelo anagwira ntchito yanga yakale ija ya pamwamba.

Chiliza chanu chatha mlungu wathawu. Tsiku lomanga tinaloledwa tonse kulowa kumanda. N'chooneka bwino, Amayi, chowongoka mbali zonse. Mmisiri polemba dzina lanu pasimenti yaiwisi ndinaima pambali pake kuwerenga chilembo chilichonse, kuopa kuti angakulakwitseni mpaka kalekale. Anati simentiyo iziwazidwa madzi m'mawa uliwonse kuti isang'ambike ndi dzuwali. Ine kumanda sindingalowe ndekha, mwambo mukuudziwa, ndiye ntchito imeneyo ndi ya amalume.

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zakonzeka. Kumata mtsuko si kuudzaza. Ngakhale dongo langa ligwire, phiri likadali lometedwa, dambo likulimidwabe, pampu ya a Mbewe ikumwabe. Ndazula timbande ta mitengo ya katope tomera tokha m'mphepete mwa mtsinje, n'kutiika m'timapepala ta shuga kuseri kwa bafa, kumene madzi osamba amatsikira. Tina tagwira. Mvula ikagwa ndikatibzala kumutu kwa dambo, ndipo amalume ati adzatitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Ndi timitengo tochepa, phiri ndi lalikulu. Ndikudziwa.

Koma mumve za lero m'mawa. Ndinatsika monga mwa masiku onse n'kuchotsa masamba a nthochi. Khoma la mbali ya kuphiri linali litachita thukuta. Ndinaligwira, linali lozizira. Ndipo pakati, pamene ndinasalaza ngati m'kati mwa mbale, panali madzi. Mvula sinagwe, mitambo ikungoyendayenda mbali ya ku Mozambiki. Sanali a m'chigubu cha a Nazimbiri ayi, chifukwa dzulo sindinathiremo kanthu. Anabwera okha, kudzera mumchenga, njira yawo yakale, ndipo atafika padongo sanapitirire. Anali otuwa, ochepa, sanadzaze n'chikho chomwe.

Ndinali ndi ludzu koma sindinamwe. Ndinanyamula chikhocho ndi manja awiri, kuyenda pang'onopang'ono kuti asatayike, mpaka ndinakumana ndi amalume akupita kumanda ndi ndowa yawo. Anasuzumira m'chikhomo. "A kuti awa?" Ndinati, "A kuchitsime cha amayi." Anatula ndowa pansi, n'kupukuta manja m'malaya, n'kulandira ndi manja awiri nawonso. Ine ndinaima kunja kwa msitu, iwo n'kulowa. Anachedwa kutuluka.

Ndiye ngati munamva kuzizira pang'ono m'mawa uno, Amayi, si mvula ayi. Ndi madzi anu.

A Yelemiya sindinawauze, ndikudikira kuti chikho chidzaze kaye. Chimene mvula idzaweruze sindikuchidziwa. Koma ndikukulonjezani izi. Chitsulo sichidzalowanso m'chitsime chanu ine ndili moyo. Mawa ndipita kwa a Mbewe kukawapempha kuti pampu yawo izipumako masana. Mawu ndakonza kale, ndawayeseza kwa mbuzi. Ndipo Esitere akadzayamba kuyenda, ndidzamutsitsira m'menemo n'kuika dzanja lake padongo. Ndidzamuuza mokweza, alongo ake ndi amalume ake ali pomwepo, kuti asadzakhale yekha wodziwa.

Gonani bwino. Moni kwa atate ngati mumaonana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dailesi